Kukamasulira a Papa ku Boma

"Abale awo ndine, achimwene. Mukufuna mufufuze abale enanso ati? Kapena ine ndinamwalira osandiuza?"

Awo anali azakhali anga, a Nabanda, kuyankha bambo anga Lachiwiri m'mamawa. Bambo anali atangonena kuti ngati a Papa sakuwazindikiranso azakhali, kuli bwino tiyambe kufufuza abale awo ku Congo adzawatenge zinthu zisanaipe. Yankho lija litatuluka, nkhuku zonse za pakhomo zinasiya kutola. Sindikunama. Galu wathu analowa pansi pa nkhokwe ndipo ndikumva kuti mpaka pano sanatuluke.

Inu a Fomu 4 anzanga amene mwakhala mukufunsa kuti ine, Mesiye wanu wa Chifalansa, ndasowa kuti pa gulu lathu la pa foni pano, khalani pansi bwinobwino ndikuuzeni.

Kwa amene simukuwadziwa, a Papa ndi amuna awo a azakhali. Anachokera ku Congo ine ndisanabadwe, akuyenda ndi zitenje pa njinga. Anangowaona azakhali pa chigayo, njinga inaiwala njira yobwerera. Ali ndi kagolosale pa msika wathu kwa Kaluluma kuno, ana alibe, ndipo Chichewa amachilankhula kuposa ena a inu amene munalemba mayeso ake. Sabata yatha anagwa kuseri kwa kauntala akupimira munthu mchere. Sitiroko. Anawatengera ku chipatala chachikulu ku boma, ndipo atayambanso kulankhula, Chichewa chonse chinali chitasamuka m'mutu mwawo. Zimangotuluka zakwawo. Choopsa kwambiri n'chakuti azakhali akayandikira pa bedi, a Papa amatembenukira kukhoma.

Ndiye azakhali anawasiya m'manja mwa mayi wina wodikirira wodwala wa bedi loyandikana, n'kubwera kumudzi kudzatenga zinthu zitatu: ufa, chigwada ndi ine.

"Uyu?" anatero mayi anga akundiloza ndi chipande. "Chifalansa cha uyu n'chokopera atsikana pa mjigo."

"Ngakhale chikhale chokopera mbuzi," anatero azakhali, "avale nsapato. Ndikufuna akandifunsire chinthu chimodzi chokha: kodi akundidziwa kapena ayi."

Ndinavala nsapato. Ndinavalanso shati yoyera, poti womasulira sayenda ngati wopita kodula udzu.

Tinanyamuka dzuwa likungosuzumira. Wanjinga yamoto anali mnyamata wa cha kumpoto kuno, wa chisoti chimodzi chomwe anavala yekha. "Monire, mama," anatero, kenako anayang'ana thumba la ufa n'kutchula faifi sauzande mpaka pa Nkhamenya. Azakhali anangomuyang'ana. Anatsika yekha n'kufika pa folo. Anamuyang'ananso. Filii ndi hafu. Akanamuyang'ana kachitatu akanatilipira ndi iye.

Apa ndi pomwe ndiyenera kukufotokozerani za Chifalansa changa. Inu mukudziwa kuti m'kalasi mwa madamu a Chifalansa tinatsala asanu ndi mmodzi, enanu mutathawa. Madamu anatiphunzitsa mneni uja casser, nati ndi kuswa kapena kuthyola, basi, tilembe. Pa holide ndikusanja mabotolo ku golosale ndinawauza a Papa zimenezo. Anaseka mpaka kutsamwa. Akuti mneni ameneyo ali ngati khasu la mlimi wosauka: n'lolimira, n'lokumbira mbewa, n'lophera njoka, n'lotsekera chitseko. Kuyambira tsiku limenelo, ndikasanja kileti imodzi ankandipatsa tanthauzo limodzi. Kutsitsa mtengo mpaka wogulitsa kulira, ngati momwe azakhali anamuchitira wanjinga uja, amati casser les prix, kuswa mitengo ya zinthu. Ndinamuuza wanjingayo kuti wangoswedwa mu Chifalansa. Iye anati ndigwire thumba ndisiye phokoso.

Tinakhala chonchi: wanjinga kutsogolo, ufa pa thanki, ine pakati ngati nsomba ya m'chitini, azakhali kumbuyo ndi ndowa ya chigwada pamiyendo. Msewu wake mukuudziwa. Maenje ake ena ali ndi mafumu awoawo. Tinadutsa m'maesiteti, zigafa zitadzaza fodya wofiirira, fungo lake likulowa mpaka m'mano. Matenanti anali atayamba kale kusankha masamba, ena akukanikiza belo pa jeke, ana ang'onoang'ono akutibayibitsa ngati ndife a boma. Nthawi ina njinga inadumpha bampu ndipo ndinaona denga la tchalitchi kuchokera pamwamba. Njira yonse ndinkangomva chibwano cha azakhali chikugunda pa phewa langa.

Pa Nkhamenya tinafika cha m'ma seveni. Anyamata oitanira anatithamangira ngati tabwera ndi mvula. Mmodzi anatenga ufa, wina ndowa, wina anatsala pang'ono kunditenga ineyo. Minibasi yomwe inapambana inali yoti yatsala anthu awiri idzaze, sikisi sauzande mutu umodzi. Titangokhala, anthu anayi amene tinawapeza mkati anatsika mmodzimmodzi n'kukaitanira ena panja. Tinadikira mpaka ndinamera ndevu. Ndinagula mtedza wophika ndi zitumbuwa ziwiri, chimodzi n'kuwapatsa azakhali. Anachikulunga pa nsonga ya chitenje.

Kondakitala anali ndi wailesi yake yapakamwa. Kuyambira pa siteji anali kutiuza za mitengo ya fodya, za mpira, za mkazi wake woyamba. Ndinawanong'oneza azakhali kuti a Papa akanakhalapo akanati munthuyu akutiswa makutu, casser les oreilles.

"Amatero kwa iwe kawirikawiri," anatero azakhali.

"Munkamva?"

"Mawuwo ayi. Nkhope yawo ndinkaimva."

Titadutsa midzi ingapo anandigwira bondo. "Iwe Yamikani. Ndiphunzitse kunena kuti ndine mkazi wanu."

Ndinawauza: je suis ta femme. Anayesa. Zinatuluka ngati munthu akuyetsemula ali ndi mtedza m'kamwa. Anayesanso. Bambo wina wa jekete kumbuyo anayamba kuwathandiza ngakhale iye samadziwa kalikonse. Posakhalitsa theka la minibasi linali likuuza a Papa kuti ndi akazi awo, kuphatikizapo kondakitala. Dalaivala yekha anakana, akuti ali kale pa mavuto ndi akazi awiri. Azakhali anaseka pang'ono, koyamba chichokereni kunyumba, kenako anapitiriza kubwereza chamumtima, milomo yokha ikugwedera.

Pafupi nafe panali mayi wina wamng'ono thupi, manja akuda bii ndi utomoni wa fodya. Anati ndi tenanti, kwawo ndi ku Phalombe, akupita ku boma kukatumiza katundu kwa ana. Atamva nkhani yathu anapukusa mutu.

"Bambo anga anateronso," anatero. "Moyo wawo wonse Chichewa. Atadwala, Chilomwe chokhachokha, cha agogo awo, chomwe ife sitinaphunzire. Tinkangowagwira dzanja."

"Nanga ankakudziwani?" anafunsa azakhali.

Ine ndinamutsinzinira mayi uja kuti anene kuti eya. Ndinatsinzina mpaka diso kuwawa. Koma mayi uja sanali wa mabodza ngati ine.

"Kaya, mayi. Sitinadziwe."

Ngakhale wailesi yapakamwa ija inazima.

Titapitirira pa Chatoloma tinagwera kumbuyo kwa malole a mabelo, atatu otsatana, akuyenda ngati apongozi akupita kukapepesa. Dalaivala wathu anayesa kuwadutsa, injini inakhosomola, inakhosomolanso, n'kumwalira mwamtendere tisanafike pa mlatho wa Dwangwa. Anatsegula pansi pa mpando wake, utsi unatuluka wokwanira kuumitsa fodya wa esiteti yonse. Kondakitala anati tisadandaule, ndi kavuto kakang'ono. Ndikudziwa tsopano kuti kondakitala akati kavuto kakang'ono, yalani chitenje.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mthethe m'mbali mwa msewu. Dzuwa linali litakwera. Ndinamasula nsonga ya chitenje cha azakhali ndekha n'kuwaikira chitumbuwa chija m'manja.

"Idyani. Izi a Papa amati casser la croûte. Kuswa chikhokho cha buledi. Ndiye kuti kuponya kenakake m'mimba."

"Zonse kuswa basi? Anthu akwawo satopa n'kusesa?"

"Zilipo zambiri. Ine panopa ndinathyola cholembera. Kwawo kwa a Papa munthu akasiyana ndi sukulu amati wathyola cholembera. Tsiku lomwe ndinamaliza mayeso anandipatsa fanta yaulere, akuti ndathyola mwaulemu, osati ngati ena othyola ali Fomu 2."

"Ifenso timati munthu akuthyola Chizungu."

"Eya. Ndinawauza. Anati ndiye kuti Achewa ndi Afalansa ndi pachibale, anangosiyana pa nkhani ya ndiwo."

Analuma chitumbuwa kamodzi. Anayang'ana minda ya fodya yomwe inali itatsala mapesi okhaokha, mpaka uko thambo linakagwa.

"Zaka zonsezi," anatero, "iwo anaphunzira changa. Anaphunzira kupepesa maliro, anaphunzira kukhala pansi polankhula ndi apongozi, anaphunzira ngakhale kutukwana ng'ombe. Ine sindinawafunsepo kuti madzi kwanu mumati chiyani. Ndinkaona ngati nthawi ilipo."



"Palinso kuswa kwina?" anafunsa.

Kunalipo. A Papa anandiphunzitsa tsiku lina maliro akudutsa pa msika: munthu akamwalira, achipongwe amati waswa kaliwo wake. Liwulo linafika pa lilime, ndinalimeza pamodzi ndi mtedza.

"Zatha, azakhali. Zinazo ndi za akuluakulu."

Kondakitala anatigulitsa kwa minibasi ina yomwe inali yodzaza kale chidzazire. Ndinakhala pa ufa wathu, mutu uli m'khwapa mwa munthu amene sindinamuone nkhope mpaka lero. Tinawoloka Dwangwa ndikuona dziko kudzera pa kabowo ka pansi. Patapita zaka pafupifupi zitatu, munthu wa khwapa uja anasuntha, ndipo ndinaona phiri la Kasungu litaima lokhalokha pakati pa chigwa ngati mphunzitsi wamkulu pa asembule. Njira yonse ndinali ndikuchita nthabwala, koma apa ndinakumbukira kuti munthu amene ndikukamumasulira amalankhula zilankhulo zinayi, ndipo ine ndili ndi mneni mmodzi ndi shati yoyera yomwe sinalinso yoyera.

Pa depoti tinakwera makabaza atatu, faifi handiredi aliyense, ufa ulendo uno uli ndi njinga yakeyake ngati bwana. Pa geti la chipatala tinapeza anthu odikirira odwala atafola ndi mabeseni ndi makontena, kudikira nthawi ya masana yoonera odwala. Azakhali ankadziwana ndi aliyense. "Mwabwera naye wa Chifalansa uja?" Nkhani yanga inali itafika ine ndisanafike. Mayi wina anandipatsa nthochi. Wina anandifunsa ngati ndingathenso Chipwitikizi, poti ku wodi ya amayi kuli wina wa ku Mozambique.

Geti litatsegulidwa, azakhali anaima pa khomo la wodi n'kundikoka shati.

"Mawu aja athawa."

"Ndikukumbutseni?"

"Ayi. Lowa iwe. Ine ndiima apa."

Bedi la a Papa linali lakumapeto. Magaye, inu mumawadziwa a Papa: munthu wa mimba yake, wa mawu omveka kuchokera ku chigayo. Amene ndinamupeza pa bedi paja anali ngati wina wawachapa n'kuwafinya. Mbali imodzi ya nkhope inali itatsetsereka. Dzanja lamanja linali pa bulangete ngati si lawo. Mayi wowadikirira uja anandinong'oneza kuti phala alandira pang'ono, kwa iye amalandira.

Ndinagwada. "Bonjour, Papa."

Diso linatembenuka. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Petit," anatero. Ndi mmene amanditchulira, kamwana. Kenako kunatuluka mawu ambiri olemera, okokeka, ena a Chiswahili, ena sindikudziwa a mtundu wanji. Ndinagwira limodzi mwa khumi. Ndinawapempha mwa Chifalansa cha madamu kuti alankhule pang'onopang'ono. Anatseka maso, n'kupuma, ngati munthu amene akufuna kunyamula thumba la feteleza.

"Je suis cassé, petit."

Liwu limenelo silinafune buku. Ankati: Ndathyoka. Ndatheratu.

Ndinali ndisanafunse n'komwe funso lomwe ananditumira. Ndinkalikonza m'mutu, kusaka poyambira, pomwe diso lawo linadutsa pa phewa langa n'kukafika pa khomo pomwe panaima azakhali ndi ndowa yawo. Nthawi yomweyo anatembenuzira nkhope kukhoma. Koma dzanja lamanzere linandigwira pa mkono, mwamphamvu ndithu, ndipo analankhula akuyang'ana khomalo, liwu limodzilimodzi.

"Dis à ma femme... qu'elle rentre. Faut pas... se casser la tête... pour moi."

Ndinamva lililonse. Ndikulumbira, pa mayeso sindinamvepo chiganizo chonse chathunthu, koma ichi chinalowa ngati madzi. Anawonjezera zina zoduladula, akuloza thupi lawo, bulangete, beseni lomwe linali pansi pa bedi. Zimenezonso ndinazimva, ngakhale theka linali la manja.

Azakhali anali atafika kale kumbuyo kwanga. Sindinawamve akuyenda.

"Akuti chiyani?"

Ndinaganiza zokometsera. Inu mukundidziwa, ndikanatha kunena kuti akuti ndinu duwa la m'chigwa. Koma anandinyamula ulendo wonsewu kuti ndinene zomwe zanenedwa.

"Akuti mubwerere kunyumba. Akuti musadziswere mutu chifukwa cha iwo, ndiye kuti musavutike nawo. Sakufuna muziwaona chonchi, kuwasambitsa, kuwatayira beseni. Akuchita manyazi, azakhali."

"Ndiwe wanena kuti ndibwerere, kapena iwo?"

"Iwo."

"Anena kuti ndani abwerere? Mayi uyo? Munthu uyo? Nena mmene anenera."

"Anena kuti, uza mkazi wanga."

Azakhali anaika ndowa pansi pang'onopang'ono. Anakhala m'mphepete mwa bedi, mbali ya kukhoma komweko, kuti nkhope ya a Papa isowe kothawira.

"Bwereza."

"Ma femme. Mkazi wanga."

Anagwedeza mutu kangapo. Kenako anayamba, m'Chichewa chenicheni cha kwa Kaluluma, chosadutsa mwa womasulira.

"Ndiye masiku onsewa mwandigoneka pa simenti ndikulira, ndikuti mwamuna wanga wandiiwala, chikhalirecho ndi manyazi? Manyazi ndi ine? Pamene munadwala m'mimba chaka chija mutadya nyama ya pa ukwati, anakutayirani ndowa ndani? Amfumu? Ndikupita kuti ine? Kunyumba kuli chiyani, mashelefu? Ndikwatiwe ndi sikelo?"

Ndinayamba kumasulira. Ndinafika pa mawu awiri okha. Azakhali anandiyang'ana mmene anamuyang'anira wanjinga uja ndipo ndinatsika mtengo ndekha.

Kaya a Papa ankamva mawuwo, kaya ankangomva nyimbo yake yomwe akhala akuimva zaka zonsezi, sindikudziwa. Koma mbali yamoyo ya pakamwa pawo inayamba kunjenjemera, kenako inakwera m'mwamba. Misozi inatsikira m'khutu. Azakhali anaipukuta ndi chitenje akupitiriza kukalipa, mawu akucheperachepera mpaka anangotsala kunong'ona. Anatenga dzanja lakufa lija n'kuliika pa miyendo pawo, n'kumaliwongola chala chimodzichimodzi.

Ine ndinali ndidakagwada pomwepo ngati mbuzi ya pa chinkhoswe. Bambo wa bedi loyandikana anali atadzuka kuti aonere bwino. A Papa ananditembenuzira diso.

"Petit."

"Papa?"

"Casse-toi."

Limeneli anali asanandiphunzitsepo, koma chibwano chawo chinaloza kukhomo, ndipo wodi yonse inalimva popanda womasulira. Dziswe, kutanthauza kuti choka apa, utipatse mpata. Ulendo wonse uja, maenje, utsi, khwapa la munthu, kudzangothamangitsidwa ngati nkhuku pa mphale. Ndinatuluka ndikuseka, koma panja fumbi la ku Kasungu linandilowa m'maso moti ndinakhala kanthawi kuseri kwa thanki ya madzi ndikulichotsa ndi shati.

Ndinawaimbira bambo. Ndinati abale a a Papa apezeka, ali pa bedi pomwepo akuwakalipira. Bambo anati ndiwauze achemwali awo kuti Loweruka abwera ndi nkhuni.

Anamwino akuti Chichewa mwina chibwerera pang'onopang'ono, mwina ayi, palibe angalonjeze. Ndiye ine ndikhala kuno kaye. Ndikugona pa khonde ndi amuna ena odikirira odwala, udzudzu wake ndi waukulu ngati nkhunda. M'mawa uliwonse azakhali akumandifunsa liwu limodzi. Dzulo linali madzi. Lero linali supuni, ndipo nditalephera anawafunsa a Papa eni ake powaonetsa supuniyo, iwo n'kuwauza, azakhali n'kulakwitsa, iwo n'kuwakonza mokwiya ngati madamu. Ndikuona kuti ntchito indithera posachedwa. Ndinkayesa kuti kudziwa chilankhulo ndi kuthyola mawu ambiri pa gulu anthu n'kumakuombera m'manja. Pano ndaona kuti mawu awiri okha, ukawanyamula osawataya panjira ndiponso osawathira shuga, akhoza kumugoneka munthu tulo koyamba pa sabata yathunthu.

Amene mukudutsa pa msika, golosale ndi yotseka, musagogode.

Tadala, mnzathu wa pa gulu pano, wayankha: "Mesiye, za galu ndi za udzudzu wanama, koma takukhululukira. Mayi anga akwera minibasi ya m'mawa Lachisanu kukagula ziguduli za mabelo, akuti ufunse azakhali ngati chigwada chatha awatengere china. Ndipo ku Kasungu kunagwa mvula Lolemba, fumbi unalipeza kuti? Lira bwinobwino, aise, palibe akukuona."